Ndani amagawa masekondi a pa maloboti athu?

Nkhani ya kuthithikana kwa magalimoto ikangobuka, kaya ndi pa wailesi, m'minibasi kapena pamsonkhano wa akuluakulu, yankho limene anthu ambiri amathamangira ndi lakuti misewu yachepa ndipo iyenera kukulitsidwa. Maganizo amenewa ali ndi maziko, chifukwa kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda wa Lilongwe ndi 800,264 mumzinda wa Blantyre, pamene misewu yambiri imene anthuwa amadutsamo inalambulidwa mizindayi ikadali yaing'ono. N'chifukwa chake taona misewu yodutsana pamwamba ndi pansi ku Area 18, taona msewu wa Kenyatta ukusanduka wa maleni 6, ndipo ku Blantyre msewu wa Masauko Chipembere unakulitsidwa kalekale. Komabe msewu uliwonse wa mumzinda, ngakhale utakula bwanji, umakathera pa mphambano, ndipo pa mphambano chimene magalimoto amalimbirana si phula ayi koma nthawi. Ola limodzi lili ndi masekondi 3,600, ndipo loboti ndi chipangizo chogawa masekondi amenewo pakati pa anthu ochokera mbali zosiyana. Zimene ndikufuna kunena n'zakuti kagawidwe kameneka ndi masamu osavuta, otsika mtengo poyerekeza ndi kumanga mlatho, koma amafuna munthu amene wapatsidwa ntchitoyo ngati yake ya tsiku ndi tsiku.

Mainjiniya a zamsewu anayeza kalekale kuti nyali yobiriwira ikayaka ndipo mzere wa magalimoto wayamba kusuntha bwino, galimoto imodzi imadutsa pafupifupi masekondi 2 alionse pa leni imodzi. Izi zikutanthauza kuti leni imene ingapatsidwe nyali yobiriwira ola lathunthu ingatulutse magalimoto pafupifupi 1,800. Palibe leni imene imalandira ola lathunthu, chifukwa mbali zinazo nazonso zikudikira, ndiponso nthawi iliyonse imene loboti ikusintha kuchoka mbali ina kupita mbali ina pamakhala masekondi otayika: nyali yachikasu, kamphindi kamene mbali zonse zimakhala pa nyali yofiira kuti mphambano iyere, komanso kuchedwa kwa dalaivala woyamba amene ayenera kuona nyali, kulowetsa giya ndi kunyamuka. Zili ngati pa mjigo, pamene madzi amatayikira pansi nthawi iliyonse imene ndowa yodzaza ikuchotsedwa ndipo yopanda kanthu ikuikidwa. Ngati masekondi otayikawo ndi 5 pa kusintha kulikonse, ndipo mphambanoyo ili ndi mbali ziwiri zosinthana, ndiye kuti loboti ikazungulira kamodzi masekondi 10 apita osadutsa galimoto iliyonse.

Apa ndi pamene pali funso loyamba, la kutalika kwa nthawi imene loboti imatenga kuti izungulire mbali zonse n'kubwerera poyambira. Loboti yozungulira masekondi 40 alionse imasintha pafupipafupi ndipo anthu amaikonda chifukwa sadikira nthawi yaitali, koma pa ola imazungulira ka 90, motero imataya masekondi 900, omwe ndi mphindi 15 zathunthu. Loboti yozungulira masekondi 120 imataya mphindi 5 zokha pa ola, koma munthu amene wafika nyali itangofiira amadikira mpaka kutopa, ndipo usiku, pamene msewu uli wopanda kanthu, kudikira koteroko n'kumene kumaphunzitsa madalaivala kudutsa nyali yofiira. M'chaka cha 1958, F. V. Webster, wa ku malo ofufuza zamisewu a boma la Britain, anapereka njira yowerengera nthawi yapakati imene imachepetsa kudikira, ndipo njirayo ikuphunzitsidwabe mpaka lero. Amatenga masekondi otayika n'kuwachulukitsa ndi 1.5, amawonjezerapo 5, kenaka amagawa ndi gawo la mphamvu ya mphambano limene latsala losagwiritsidwa ntchito.

Tiyeni tiike manambala ongoyerekeza, osati a mphambano inayake yeniyeni, kuti tione mmene zimakhalira. Tinene kuti msewu waukulu ukubweretsa magalimoto 900 pa ola pa leni imodzi, amene ndi theka la 1,800, ndipo msewu waung'ono ukubweretsa 450, amene ndi kota. Theka ndi kota zikaphatikizana, chotsala ndi kota imodzi. Masekondi otayika 10 kuchulukitsa ndi 1.5 ndi 15, kuwonjezera 5 ndi 20, ndipo 20 kugawa ndi kota ndi masekondi 80. Tikachotsapo 10 otayika aja, tatsala ndi masekondi 70 oti tigawe. Munthu wosawerenga magalimoto angaganize kuti chilungamo ndi kupereka 35 uku ndi 35 uku. Zikatero msewu waukulu ungatulutse magalimoto pafupifupi 788 okha pa ola pamene akufika 900, kutanthauza kuti ola lililonse magalimoto oposa 100 akutsalira m'mbuyo. Pakatha maola awiri a m'mawa atsalira oposa 200, ndipo ngati galimoto iliyonse pamodzi ndi mpata wake ikutenga mamita 7, mzerewo wapitirira kilomita imodzi ndi theka. Nthawi yomweyo msewu waung'ono uli ndi nyali yobiriwira imene ikuyakira phula lopanda galimoto. Koma masekondi omwewo akagawidwa 47 kwa msewu waukulu ndi 23 kwa waung'ono, waukulu ungatulutse magalimoto oposa 1,050 ndipo waung'ono oposa 500, choncho mbali zonse ziwiri zikukwanira. Kusiyana pakati pa mzere wa kilomita ndi theka ndi msewu woyenda bwino kwagona pa masekondi 12, ndipo palibe thumba la simenti limene lagulidwa.

Vuto lake ndi lakuti manambala amenewa sakhazikika. Magalimoto amene amalowa m'tauni m'mawa ndi omwewo amatuluka madzulo, ndiye mbali imene imafuna masekondi ambiri 7 koloko m'mawa si imene imawafuna 5 koloko madzulo. Loweruka lili ndi kayendedwe kake, makamaka nyengo ya maukwati ndi zinkhoswe, Lamlungu ndi kwina, ndipo sukulu zikatsekera msewu umapepuka moti aliyense amazindikira. Bokosi lolamulira loboti, ngakhale lakale, kawirikawiri limatha kusunga ndondomeko zingapo n'kumazisintha potengera ola ndi tsiku. Chimene chimafunika ndi munthu woti awerenge magalimoto pa nthawi zosiyanazo n'kulowetsa ndondomekozo m'bokosimo. Ku United States mainjiniya amalangizana kuti nthawi za maloboti ziunikidwenso zaka 3 mpaka 5 zilizonse, ndipo kumeneko mizinda yambiri siikula mofulumira ngati yathu, kumene malo amene anali munda wa chimanga posachedwapa lero ali ndi nyumba mazanamazana, sukulu ndi malo omwetsera mafuta.

Pali nkhani ya okhotera kumanja, imene kwa ife oyenda kumanzere kwa msewu ndi imene imasokoneza mphambano zambiri. Wokhotera kumanja ayenera kudutsa kutsogolo kwa magalimoto obwera kuchokera kumene iye akuyang'ana, ndipo ngati alibe leni yakeyake amaima pakati n'kutsekereza onse a m'mbuyo mwake. Yankho lachangu limakhala kumupatsa muvi wobiriwira wa yekha, kapena kupatsa mbali iliyonse mwa zinayi nthawi yake payokha. Zimenezi zimachepetsa ngozi, ndipo pa mphambano zina n'zosapeweka, koma zili ndi mtengo wake umene suoneka ndi maso. Kusintha kukakhala kanayi, masekondi otayika amafika 20, ndipo mwa kuwerengera komwe kuja loboti iyenera kuzungulira masekondi 140 m'malo mwa 80. Ine ndimaona kuti pa mphambano zina n'kwabwino kuletsa kukhotera kumanja nthawi ya m'mawa ndi madzulo, anthu n'kumakakhotera patsogolo, kusiyana n'kulipiritsa msewu wonse chifukwa cha magalimoto owerengeka, ngakhale ndikudziwa kuti eni mashopu a m'mbali mwa msewu sangakondwere nazo.

Funso lachiwiri ndi la maloboti otsatizana mumsewu umodzi. Loboti iliyonse ikhoza kukhala ndi masamu olondola payokha, koma ngati siigwirizana ndi inzake ya kutsogolo, dalaivala amanyamuka pa yoyamba n'kukaima pa yachiwiri, kunyamukanso n'kukaima pa yachitatu. Ngati maloboti awiri atalikirana mamita 500 ndipo magalimoto akuyenda makilomita 50 pa ola, ulendowo ndi wa masekondi 36, choncho loboti yachiwiri iyenera kuyatsa nyali yobiriwira patapita masekondi pafupifupi 36 kuchokera pamene yoyamba inayatsa, kapena mofulumirako pang'ono kuti amene anali kudikira pamenepo ayambe achoka gululo lisanafike. Kuti zimenezi zitheke maloboti onse a mumsewuwo ayenera kuzungulira nthawi yofanana ndipo mawotchi ake ayenera kugwirizana, zimene masiku ano zingatheke ndi kachipangizo ka GPS popanda kukumba ngalande ya waya. Ubwino wina umene sutchulidwa kawirikawiri ndi wakuti wothamangitsa galimoto sapindula kanthu, chifukwa amafika msanga n'kupeza nyali ikadali yofiira. Chovuta n'chakuti msewu uli ndi mbali ziwiri, ndipo dongosolo lokomera opita m'tauni nthawi zambiri limapweteka otuluka m'tauni, pokhapokha mitunda ya pakati pa malobotiwo itagwirizana mwamwayi ndi nthawi yozungulira. Apa injiniya ayenera kusankha womukomera, ndipo kusankha koteroko si masamu okha. Mzinda wa Copenhagen unasankha kukomera okwera njinga m'misewu ina monga Nørrebrogade, kumene maloboti anakonzedwa kuti woyenda makilomita 20 pa ola azipeza nyali zobiriwira.

Mzinda umene unalondola nkhaniyi mpaka kumapeto ndi Los Angeles. Pokonzekera masewera a Olympics a 1984, mzindawu unalumikiza maloboti a pafupi ndi bwalo la Coliseum ku kompyuta imodzi, dongosolo limene limatchedwa ATSAC, ndipo ntchito yolumikiza ena onse inapitirira pafupifupi zaka 30 mpaka mu 2013, pamene mphambano pafupifupi 4,500 zinakhala pa dongosolo limodzi pa mtengo wa madola pafupifupi 400 miliyoni. Pansi pa phula anaika mawaya ozindikira chitsulo cha galimoto ikamadutsa, ndipo kompyuta imasintha masekondi potengera zimene mawayawo akuuza. Malinga ndi zimene akuluakulu a mzindawo ananena panthawiyo, ulendo wa mamailosi 5, omwe ndi makilomita 8, unatsika kuchoka pa mphindi 20 kufika pa mphindi 17.2. Nambala imeneyi ndimaikonda chifukwa ndi yodzichepetsa. Mphindi zosakwana 3 pa ulendo umodzi zikachulukitsidwa ndi anthu mamiliyoni tsiku lililonse ndi chuma chambiri cha mafuta ndi nthawi, komabe Los Angeles akadali mmodzi mwa mizinda yothithikana kwambiri ku America. Msewu ukayamba kuyenda bwino, anthu amene ankaupewa kapena ankanyamuka m'bandakucha amabwereramo, ndipo phindu lina limadyedwa motero.

Madongosolo ena odziwika a kompyuta olamulira maloboti ndi SCATS, limene linayambira ku Sydney m'zaka za m'ma 1970, ndi SCOOT la ku Britain, limene London wakhala akugwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Ku Pittsburgh, mu 2012, ofufuza a payunivesite ya Carnegie Mellon anayesa pa mphambano 9 za dera la East Liberty dongosolo lotchedwa Surtrac, limene loboti iliyonse imadzipangira ndondomeko n'kuuza inzake ya kutsogolo zimene zikubwera, ndipo ananena kuti nthawi ya ulendo inatsika ndi pafupifupi 25 pa 100 alionse. Sindikukayikira kuti tsiku lina wogulitsa wina adzafika ndi zithunzi zokongola za chipinda chodzaza ndi makanema n'kunena kuti mavuto athu atha. Ndisanavomereze ndingafunse mafunso a mtundu wina. Waya wa pansi pa phula umaduka msewu ukakumbika kapena ena akamakumba kuti aike mapaipi, ndipo suzindikira bwino njinga yakapalasa, pamene njinga yamoto imaizindikira mwa apo ndi apo, chonsecho akabaza ndi gawo lalikulu la oyenda m'misewu yathu. Makamera amafuna kupukutidwa fumbi la mwezi wa October ndi kulipiridwa chaka ndi chaka. Dongosolo lanzeru limene zipangizo zake zozindikira zafa limabwerera ku ndondomeko yokhazikika imene inasungidwa m'bokosi, ndipo ngati ndondomekoyo inaikidwa ndi kontilakitala tsiku lopereka ntchito popanda kuwerenga magalimoto, tabwerera pa 35 ndi 35 paja titawononga ndalama zankhaninkhani.

Nkhani ya magetsi ndiyosachita kufunsa. Loboti yozima ilibe ndondomeko iliyonse, ndipo loboti imene wotchi yake imasokonekera magetsi akabwerera ikhoza kuyendetsa ndondomeko ya usiku nthawi ya m'mawa. Nyali za LED zimadya magetsi ochepa kwambiri poyerekeza ndi mababu akale, moti sola ndi batire zingathe kuyendetsa mphambano, bola batireyo itetezedwe kwa akuba. Anzathu okhala ku Johannesburg akudziwa mmene mzinda wa maloboti ochuluka umaimira magetsi akazima kapena mawaya akabedwa, mpaka kampani ya inshuwalansi kumalipira anthu oti aziimirira pa mphambano n'kumalondolera magalimoto ndi manja.

Kwathu kuno ntchito imeneyo imagwera apolisi apamsewu, ndipo anthu ambiri amatsutsana ngati wapolisi amachita bwino kuposa loboti. Loboti yoyamba padziko lapansi, imene inaikidwa pafupi ndi nyumba ya malamulo ku London mu December 1868, inkayendetsedwa ndi wapolisi pamanja, ndipo inaphulika ndi gasi patangotha milungu yochepa n'kumuvulaza, ndiye ubale wa awiriwa ndi wakale ndithu. Wapolisi ali ndi chinthu chimene loboti ilibe, chifukwa amaona mzere ndi maso, amaimitsa amene akufuna kulowa pa mphambano kutsogolo kulibe malo, ndipo madalaivala amamuopa. Koma amaona mphambano yake yokha, ndipo mwachibadwa amafuna kuti mzere umene watsegula uthe asanatembenuke, zimene zimatalikitsa kuzungulira mpaka mphindi zingapo. Pa nthawi imeneyo mzere wa mbali inayo wakula mpaka kukatseka mphambano kapena raundabauti ya m'mbuyo, ndipo magalimoto amene iye watulutsa mwaunyinji akukaunjikana kwa mnzake wa kutsogolo amene sanachenjezedwe. Ine ndingakonde kuona wapolisi ataima pambali pa loboti yogwira ntchito, osati m'malo mwake, ntchito yake ikhale yoteteza masekondi obiriwirawo kuti asabedwe.

Akuba masekondi ndi odziwika. Minibasi imene yaima itangodutsa loboti kuti kondakitala aitanire anthu awiri imatsitsa chiwerengero chija cha 1,800. Ngati chatsika kufika 1,400, masekondi 47 aja angotulutsa magalimoto pafupifupi 820 pa ola, ndipo msewu wa magalimoto 900 wayambanso kusefukira ngakhale masamu a m'bokosi ali olondola. Chimodzimodzi dzenje la pakamwa pa mphambano limene galimoto iliyonse imalizemba, mizere ya penti imene inafufutika moti maleni awiri asanduka imodzi ndi theka, lole yolemedwa imene imatenga nthawi kuti inyamuke pamtunda, ndiponso dalaivala amene maso ali pa foni mpaka a m'mbuyo amuimbire hutala. Kusunthira siteji ya minibasi mamita angapo kutsogolo, pamalo okumbidwa m'mbali mwa msewu, kungabweze masekondi ambiri kuposa kompyuta, ndipo sikuchotsera oyendetsa minibasi makasitomala awo ngati malowo ali pafupi ndi pamene anthu amawolokera.

Oyenda pansi ndiwo ambiri m'mizinda yathu, ndipo msewu ukakula iwo ndi amene amalipira. Mainjiniya amawerengera kuti munthu amayenda pafupifupi mamita 1.2 pa sekondi, choncho msewu wa maleni 6, umene m'lifupi mwake ndi mamita pafupifupi 21, umafuna masekondi 18 kuti munthu awoloke, ndipo agogo, mayi wobereka mwana atasenza katundu kapena munthu wa pa njinga ya olumala amafuna ochulukirapo. Masekondi amenewa ndi malire amene nyali ya msewu waung'ono singatsikire pansi pake, ngakhale kompyuta itaona kuti kulibe galimoto. Kachilumba kotakasuka pakati pa msewu kamalola munthu kuwoloka kawiri, ndipo potero injiniya amapeza mpata wofupikitsa kuzungulira popanda kuika moyo wa munthu pachiswe. Kudikira kukatalika kwambiri anthu amayamba kuwoloka mothamanga pakati pa magalimoto, ndipo si chifukwa cha umbuli monga ena amanenera.

Ntchito yoyambira siifuna ngongole yakunja. Ophunzira za uinjiniya ku yunivesite ya MUBAS kapena kwina kulikonse angathe kuima pa mphambano ndi pepala ndi wotchi, kapena kujambula ndi foni ali pamwamba pa nyumba, n'kuwerenga mphindi 15 zilizonse magalimoto opita molunjika, okhotera kumanzere ndi okhotera kumanja, kusiyanitsa malole, maminibasi, njinga ndi oyenda pansi. Ayenera kuyezanso kuti leni ya kwathu kuno imatulutsadi magalimoto angati nyali ikabiriwira, chifukwa 1,800 ndi nambala yochokera m'misewu ya kumaiko ena, ndipo ya pamsewu wodzaza akabaza ndi malole ikhoza kukhala yosiyana. Khonsolo ya mzinda ikhale ndi injiniya wodziwika amene ali ndi kiyi wa mabokosi, amene amadziwa kulowetsa ndondomeko popanda kuitana kontilakitala wakunja, ndipo masekondi a mphambano iliyonse alembedwe poyera pamodzi ndi tsiku limene anawerengedwa, kuti nzika yokhala ndi wotchi ithe kutsimikiza. Kuwerengako kuchitike sukulu zili mkati, kubwerezedwe nyengo ya mvula, ndipo ku Lilongwe kuchitikenso msika wa fodya ukatsegulidwa, pamene malole opita ku Kanengo amasintha kayendedwe ka msewu wa M1 kwa miyezi ingapo.